Elijah McCoy, Mwana wa Akapolo Amene Adaphunzitsa Makina Kudzithira Mafuta

Munthu amene waima pa Golomoti kapena pa Mtakataka m'mwezi wa Okotobala, dzuwa likuswa mtengo, amaona njanji ikung'anima kuchokera ku Balaka kulunjika ku Chipoka ndi ku Salima. Njanji imeneyi idatsegulidwa m'chaka cha 1935, ndipo kwa zaka zambiri sitima zoyenda pamenepo zidali za nthunzi. Achikulire a m'derali amakumbukira utsi wake ndi kulira kwake. Koma ndi ochepa amene adalabadira munthu wa zovala zothimbirira ndi mafuta, amene sitima ikaima ankazungulira injini atanyamula kachitini ka mlomo wautali, nadontheza mafuta apa ndi apo. Ntchito yake idali yonyozeka, komatu popanda iyo sitima sikadafika ku Salima. Munthu wina wakuda wa ku America adagwirapo ntchito yomweyi, ndipo m'malo moinyoza adaiyang'anitsitsa kufikira adaisintha. Dzina lake ndi Elijah McCoy.

Kubadwa kwake

Elijah adabadwa pa 2 Meyi 1844 m'mudzi wa Colchester, m'chigawo cha Ontario ku Canada. Makolo ake, a George McCoy ndi mayi Mildred, adali akapolo ku Kentucky, m'dziko la United States. Iwo adathawa ukapolowo podzera njira yachinsinsi imene anthu achifundo, akuda ndi oyera omwe, adakonza yobisira akapolo othawa ndi kuwapatsirana kuchokera nyumba ina kufika nyumba ina mpaka kumpoto. Njirayo ankaitcha njanji ya pansi pa nthaka, ngakhale kuti padalibe njanji kapena sitima. Othawawo ankalunjika ku Canada chifukwa dzikolo lidali m'manja mwa Angerezi, amene adathetsa ukapolo m'maiko awo m'chaka cha 1834. Motero Elijah adabadwa mfulu, pa nthawi imene kuno ku nyanja malonda a anthu adali kukula, Jumbe wa ku Nkhotakota akuolotsa akapolo m'zombo kupita nawo kum'mawa.

Pambuyo pake banjali lidabwerera ku United States nkukhazikika mu mzinda wa Ypsilanti, m'chigawo cha Michigan, kumene ukapolo udali woletsedwa. Kumeneko a George adayamba ntchito ya fodya. Ana adalipo ambiri, koma makolowo ataona kuti Elijah ali ndi mutu wa makina, adadzimana nasonkha ndalama. Mnyamatayo ali ndi zaka pafupifupi 15 adamutumiza ku Edinburgh, ku Scotland, kukaphunzira umisiri wa makina. Zimenezi zidachitika m'nyengo yomwe David Livingstone, mwana wa ku Scotland komweko, adafika pa nyanja ya Malaŵi m'chaka cha 1859. Scotland nthawi imeneyo idali kwawo kwa amisiri a injini za nthunzi, ndipo mwana wa akapolo othawa adakaphunzira lusolo kuchimake.

Satifiketi m'thumba, fosholo m'manja

Elijah ali ku Scotland, ku America kudabuka nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, imene idathetsa ukapolo m'dziko lonselo. Iye adabwerera ku Michigan ali injiniya wophunzira bwino. Koma lamulo likhoza kusintha tsiku limodzi, mitima ya anthu ayi. Makampani sadafune kuika munthu wakuda pa udindo woyang'anira azungu, ngakhale adziwe ntchito chotani. Ntchito imene adaipeza idali ku kampani ya njanji ya Michigan Central Railroad, yosonkhezera moto ndi kuthira mafuta.

Ntchitoyo idali yowawa. Wosonkhezera moto ankaima kumbuyo kwa ng'anjo ya sitima ulendo wonse, akuponya malasha ndi fosholo, nkhope ikupsa, msana ukuphwanyika. Sitima ikayenda mtunda ndithu inkaima, ndipo iye ankatsika ndi kachitini kake kukathira mafuta m'malo onse ozungulira ndi otsetsereka. M'masilinda, momwe nthunzi imakankha pisitoni, ambiri masiku amenewo ankathiramo mafuta a ng'ombe osungunula. Wina atakhala iye akadakhumudwa, nagwira ntchitoyo mwa chizolowezi chabe, mtima uli kwina. Elijah sadatero. Adaona kuti fosholo ndi kachitini zamuika pamalo pamene mainjiniya a mu ofesi sankafikapo, pomwe chitsulo chimakumana ndi chitsulo chinzake.

Chifukwa chake makina amafuna mafuta

Makolo akale popeka moto ankazunguza kamtengo pa kamtengo kanzake kufikira utsi utatuluka. Chomwecho ndi chimene chimachitika zitsulo ziwiri zikamakhulana zouma. Chitsulo chooneka chosalala ndi maso chimakhala ndi timapiri ndi tizigwa tosaoneka, ndipo timeneti tikamakolana timabala kutentha. Chitsulo chikatentha chimafufuma, mpata umene udali pakati umatha, ndipo mapeto ake zitsulozo zimadyana kapena kugwirana osasunthanso. Ntchito ya mafuta ndi kulowa pakati pa ziwirizo ndi kuyala kansalu kopyapyala zedi, kuti chitsulo chiyandame pa mafuta m'malo mokhudza chinzake.

Vuto limene Elijah adaliona lidali lakuti kuthira ndi manja kumapereka mafuta ochuluka pa nthawi imodzi, kenaka osapereka kanthu kwa nthawi yaitali. Atangothiridwa, mafuta ankasefukira ndi kutayika pansi. Sitima ikayenda pang'ono, malo omwewo ankauma. Kuima pafupipafupi kunkataya nthawi ndi malasha, koma kusaima kunkaononga injini. M'mafakitale namonso makina ankaimitsidwa, antchito manja ali lende, kudikira wothira mafuta amalize.

Kachikho kodontha kokha

M'kanyumba kake kogwiriramo ntchito ku Ypsilanti, Elijah adayamba kuyesa njira yakuti makina azidzithira okha mafuta ali m'kati moyenda. Adakonza kachikho kachitsulo kosungira mafuta, kokhala ndi kampope kolowa m'njira ya nthunzi. M'kati adaikamo kachitseko kamene mphamvu ya nthunzi yomweyo inkakatsegula, kotero kuti injini ikamagwira ntchito mafuta ankatsika pang'onopang'ono kupita m'silinda. Pa 23 Julayi 1872 boma la United States lidampatsa chiphaso cha nambala 129,843, chotsimikiza kuti luso limeneli ndi lake.

Kunena zoona, Elijah sadali woyamba kuganiza za chipangizo chotere. Ku England, John Ramsbottom adali atapanga chake m'chaka cha 1860, ndipo amisiri ena ambiri ankalimbana ndi vuto lomweli. Chimene chidamtchukitsa McCoy ndi chakuti sadalekere pa chiphaso chimodzi. Chaka ndi chaka ankabwerera ku kachikho kake, kuchotsa chofooka ichi, kuonjezera icho, chifukwa ankadziwa ndi manja ake momwe injini imachitira m'chisanu, pa chitunda ndi pa liwiro. Zipangizo zake zidagwira ntchito m'sitima za pamtunda, m'sitima za pa nyanja zikuluzikulu za kumpoto kwa America, ndi m'mafakitale. Akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo nzeru yonse ya McCoy idagona pamenepo: dontho limodzi lofika pa nthawi yake, kosalekeza, limaposa chitini chathunthu chothiridwa mochedwa.

Zaka zitatu chiperekedwere chiphasocho, m'mwezi wa Okotobala 1875, amishoni a ku Scotland adafika ndi sitima ya nthunzi ya Ilala pa Cape Maclear, tsidya lina la nyanja poyang'anana ndi gombe la Dedza. Kuyambira pamenepo makina adakhazikika m'dziko muno, ndipo funso la McCoy, la momwe chitsulo chingayendere osapsa, lidakhalanso funso la kuno.

Banja lake ndi umphawi wake

Chaka cha 1872 chidamubweretsera chimwemwe ndi maliro pamodzi, pakuti mkazi wake woyamba, Ann Elizabeth Stewart, amene adamukwatira mu 1868, adamwalira chaka chomwecho. Mu 1873 adakwatira Mary Eleanora Delaney, nayenso mwana wa akapolo othawa. Mu 1882 awiriwa adasamukira ku Detroit, kumene Elijah ankalangiza makampani pa za makina. Mary adatchuka payekha pomenyera ufulu wa amayi, ndipo adali mmodzi mwa amene adakhazikitsa nyumba yosungiramo amayi okalamba achikuda mu mzindawo, yotchedwa Phillis Wheatley Home.

Pa moyo wake wonse McCoy adalandira ziphaso zoposa 50. Zambiri zidali za zipangizo zothirira mafuta, koma padalinso thebulo lopinda lositirapo zovala ndi chipangizo chowazira madzi pa kapinga. M'chaka cha 1909 Booker T. Washington, mtsogoleri wa maphunziro a anthu akuda ku America, adamutchula m'buku lake kuti ndiye adali ndi ziphaso zochuluka koposa mwa amisiri onse akuda a nthawiyo. Komabe McCoy sadalemere. Kupanga chipangizo chimodzi m'kanyumba ndi kwina, kumanga fakitale yopanga zikwizikwi ndi kwinanso, ndipo iye adalibe mpamba. Kawirikawiri ankagulitsa ziphaso zake, kapena gawo lake, kwa anthu a ndalama kuti apeze zoyambira ntchito yotsatira. Iye ankalima, okolola adali ena.

Atapitirira zaka 70 adakumana ndi vuto latsopano. Sitima zamakono za nthawiyo zidayamba kugwiritsa ntchito nthunzi yotenthetsedwa kawiri, yotentha kwambiri kotero kuti mafuta wamba sankapirira. McCoy adakonza chipangizo chothira mafuta osakaniza ndi girafaiti, chinthu chakuda choterera chimene chili m'kati mwa pensulo, chimenenso chimapezeka m'nthaka ya ku Malingunde ku Lilongwe. Girafaiti sapsa msanga, koma amakonda kudikha pansi ndi kutseka mipope, ndipo luso la McCoy lidali lomuyendetsa osatseka. Mu 1920, ali ndi zaka 76, adakwanitsa kutsegula kampani ya dzina lake, Elijah McCoy Manufacturing Company.

Kuchokera ku sitima kufika ku galimoto

Detroit, kumene McCoy adakhala zaka zoposa 40, ndi mzinda umene udasanduka likulu la magalimoto. Ndi komweko kumene Henry Ford adatulutsa galimoto ya Model T m'chaka cha 1908. Injini ya galimoto ilibe kachikho ka McCoy, koma imatsata lamulo lake lomwe lija. Pansi pa injini pali beseni la oyilo, ndipo pampu imakoka oyiloyo, kumudutsitsa mu sefa, ndi kumukankhira m'timisewu topita kulikonse kumene chitsulo chikuzungulira. Oyilo amatereretsa, amaziziritsa, amatsuka mwaye, ndiponso amatseka mpata wa pakati pa pisitoni ndi silinda.

Magalimoto a liwiro, aja a mipando iwiri monga MG, Triumph ndi Jaguar a zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ndiwo amaonetsa bwino kufunika kwa zimenezi, chifukwa injini zake zimazungulira mofulumira ndi kutentha kwambiri. Pa chiyambi, ochita mipikisano ya magalimoto adapeza kuti mafuta a nsatsi, omwe aja agogo ankadzola, amamatirira pa chitsulo chotentha kuposa mafuta a pansi pa nthaka a nthawiyo. Dzina la oyilo wa Castrol, limene kampani ya Charles Wakefield ya ku London idayamba kugwiritsa ntchito mu 1909, lidachokera ku dzina la nsatsi m'Chingerezi. Koma mafuta a nsatsi akakhalitsa mu injini amasanduka ulimbo, ndipo sayenera kusakanizidwa ndi oyilo wamba.

Galimoto ikakalamba, kaya ndi ya mpikisano kaya ndi matola a pa msewu wa M5, matenda ake amafanana, ndipo ambiri amayambira pa mafuta. Utsi wobiriwira ngati mtambo wotuluka kumbuyo umasonyeza kuti injini ikuotcha oyilo, chifukwa mphete za pisitoni kapena timalabala ta mavavu tatha. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi alowamo, kawirikawiri chifukwa gasiketi ya pamutu pa injini yapsa. Kanyali ka oyilo kakayaka galimoto ili pa ulendo, woyendetsa wanzeru amaima ndi kuzimitsa pomwepo, pakuti mphindi zochepa zokha zimakwana kuti injini inoke. Kachitsulo koyezera oyilo kamanena zoona pokhapokha galimoto itaima pamalo athyathyathya, injini itazima kwa kanthawi. Kuthira mopyola mzere nakonso nkolakwa, chifukwa oyilo amachita thovu ndi kutulukira m'malabala.

Injini yakale imakhala ndi mipata yokulirapo, choncho oyilo wopyapyala wa magalimoto atsopano saikwanira, makamaka m'dziko lotentha ngati la m'mphepete mwa nyanja. Buku la galimotoyo ndilo limanena mtundu woyenera. Magalimoto akale alinso ndi timabele tothirirapo girizi ku miyendo ndi ku chiongolero, ndipo amakaniko ozolowera magalimoto atsopano amatiiwala. M'bokosi la magiya la magalimoto ena akale muli mphete za mkuwa zimene oyilo wina waukali wa magiya amazidya. Fumbi la m'chilimwe likadutsa sefa ya mpweya yong'ambika limasakanikirana ndi oyilo ndi kupala injini ngati mchenga wotsukira mapoto.

Galimoto yongokhala m'galaja siipulumuka. Malabala ake amauma ndi kung'aluka, chinyezi chimalowa mu oyilo, dzimbiri limamera m'kati. Nchifukwa chake oyilo amasinthidwa kamodzi pa chaka ngakhale galimoto isadayende mtunda wautali. Mafuta a mabuleki nawo amamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo akakhalitsa amawira msanga akatentha. Woyendetsa amene akutsika phiri la Khwekhwerere kuchokera ku Dedza kupita ku Golomoti, phazi lili pa buleki njira yonse, akhoza kupeza kuti buleki yalowa pansi yopanda mphamvu pa khona lomwe akuifunitsitsa. Mankhwala ake ndi kusintha mafutawo pa zaka ziwiri zilizonse, ndi kutsika phiri ndi giya yaikulu mphamvu kuti injini ithandize kugwira galimoto. Apa nkhani ya mafuta imaleka kukhala ya ndalama zokha, imasanduka ya miyoyo ya anthu.

Masiku ake omaliza

Mvula ikakuona litsiro sikata. M'chaka cha 1922 McCoy ndi mkazi wake adachita ngozi ya galimoto. Mary adavulala kwambiri ndipo adamwalira chaka chotsatira. Elijah adapulumuka, koma thanzi lake silidabwererenso. Ndalama zidatha, nzeru zidayamba kusokonekera ndi ukalamba, ndipo adakagonekedwa ku chipatala cha Eloise, kunja kwa Detroit, kumene ankasungirako odwala osauka. Adamwalira komweko pa 10 Okotobala 1929 ali ndi zaka 85.

Ulemu udadza mochedwa. M'chaka cha 2001 dzina lake lidalembedwa m'nyumba yokumbukira akatswiri opanga zinthu zatsopano ku United States. Mu 2012 ofesi ya boma yopereka ziphaso za luso, yomwe idampatsa chiphaso chake choyamba zaka 140 m'mbuyomo, idatsegula nthambi ku Detroit ndi kuitcha dzina la Elijah J. McCoy.

Chimene mbiriyi ikusiyira achinyamata ndi aphunzitsi

Chaka chilichonse anyamata ndi atsikana ambiri amatsiriza Fomu 4 nabwerera kumudzi, ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka, satifiketi ili m'chikwama, ntchito ya mu ofesi osaoneka. Kuwawa kwake nkoona, ndipo McCoy adakudziwa koposa, popeza iye adakanidwa chifukwa cha khungu, osati chifukwa cha kusowa kwa malo. Mbiri yake sikunena kuti tsankholo lidali labwino, kapena kuti wolimbika aliyense amalemera, pakuti mwini wakeyo adafa wosauka. Ikunena kuti maphunziro sathera pa mpando wa mu ofesi. Sayansi imene McCoy adaphunzira ku Edinburgh idabala zipatso pamene idakumana ndi kachitini ka mafuta.

M'dera lomweli muli makina ambiri odikira maso otere. Pali zigayo za dizilo zimene zimaima mwezi wathunthu chifukwa mwini wake adaumira malita ochepa a oyilo, amayi nayenda mtunda ndi chimanga pamutu. Pali njinga zamoto za kabaza, injini za maboti a asodzi, mapampu a mthirira, ndi njinga zakapalasa zolira tcheni. Zonsezi zidagulidwa ndi ndalama zovuta kupeza, zipangizo zake zimachokera kunja, ndipo zambiri zimafa zisadakalambe. Sukulu za ntchito zamanja monga za ku Salima, ku Lilongwe ndi ku Namitete zilipo, koma ana ambiri amazipita monyinyirika, ngati kuti ovolosi ndi chovala cha olephera.

Apa mphunzitsi ali ndi mbali yake. Phunziro la kukhulana kwa zinthu limalembedwa pa bolodi, ana nalikopera, naliloweza, naliiwala mayeso akatha. Koma mphunzitsi amene alowetsa njinga m'kalasi, nazunguza gudumu louma, nadonthezapo mafuta, nalizunguzanso ana akuwerenga nthawi, waphunzitsa chimene McCoy adachiona ali pambali pa sitima ku Michigan. Mwina pa ana makumi asanu ndi limodzi okhala pansi m'kalasimo, mmodzi adzapita kunyumba madzulo, nakaima pa chigayo cha pamsika, namvetsera kulira kwa injini, nafunsa mwini wake tsiku limene adasintha oyilo komaliza.